Kodi laibulale ya zaluso imamangidwa ndi ndalama kapena ndi anthu?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri ya zojambulajambula ndi zosemasema, ndipo akuluakulu a kuntchito andiuza kuti ndiyambitse laibulale ya zaluso yoti ofufuza azidalira. Ndalama zomwe andipatsa n'zochepa. Mnzanga wina akuti popanda chuma chambiri ndisadzivute, wina akuti chachikulu ndi kudziwana ndi anthu. Kodi malaibulale otchuka aja anayamba bwanji, ndipo ine ndiyambire pati? Ndine mayi wophunzitsa pasukulu yaukachenjede.

Yankho: Mayi, anzanu awiriwo aliyense wagwira mbali yake, koma wachiwiriyo ndiye wafika pafupi. Ndakhala zaka zambiri ndikusamala mabuku a zaluso, ndipo ndikayang'ana mashelefu amene ndinadzaza, zimene ofufuza amayendera ulendo wautali kudzaona si zimene ndinagula modula. Zambiri zinabwera m'chikwama cha munthu, mu envulopu, kapena m'katoni imene banja lina linatsala pang'ono kutaya.

Chifukwa chake chili pa zimene wofufuza zaluso amafuna. Wophunzira wa chaka choyamba amakhutira ndi chibuku cha zithunzi zokongola, ndipo buku lotero aliyense wa ndalama amalipeza. Wofufuza amabwera ndi mafunso ena. Chojambula ichi chinaonetsedwa koyamba liti, kuti, pamodzi ndi ziti? Mwini wake woyamba anali ndani, nanga anagulitsa kwa yani? Asanachikonze chinkaoneka bwanji? Mayankho ake ali m'timabuku ta zionetsero, m'makatalogi a okushoni, pamakadi oitanira anthu, pazithunzi zakale za kamera ndi m'makalata. Kabuku ka chionetsero amasindikiza makope ochepa, amakagawa pakhomo kwa milungu ingapo, chionetsero chikatha nakonso katha. Palibe amene amakasindikizanso. Pakapita zaka khumi simungakapeze m'sitolo, koma kali phee m'kabati ya munthu wina amene analipo tsikulo. Ntchito yanu yaikulu ndi kumudziwa munthu ameneyo, iyenso akudziweni.

Tiyambe ndi laibulale imene aliyense wa ntchito yathuyi amaitchula. Aby Warburg anabadwa mu 1866 ku Hamburg, mwana wachisamba m'banja lachiyuda la eni banki. Ali ndi zaka 13 anagulitsa ukulu wake kwa mng'ono wake Max: iwe udzatenge banki, koma uzindigulira buku lililonse limene ndingafune. Max anavomera, ndipo atakula ankanena kuti chimenecho ndicho cheke chachikulu chosalembapo ndalama chimene anasainapo pa moyo wake. Mnzanu woyamba uja akamva izi ati, mwaonatu, ndi ndalama. Inde zinalipo. Koma taonani njira imene zinadzera: mwa m'bale, pa lonjezo la pakamwa la ana awiri, ndipo kawirikawiri Aby ankafunika kuwanyengerera abale akewo kuti awonjezere. Komanso mabanja olemera ku Hamburg analipo ambiri, koma laibulale yotero inali imodzi yokha.

Chimene chinaisiyanitsa ndi funso limene mwini wake anali nalo. Warburg ankafuna kudziwa momwe zifaniziro ndi maganizo a Agiriki ndi Aroma akale zinapitirizira kukhala ndi moyo m'zaluso za mibadwo yam'tsogolo, makamaka ku Italy m'zaka za m'ma 1400. Funsolo linamukokera kutali, mpaka ku mabuku a okhulupirira nyenyezi, a zamatsenga, a zikondwerero ndi a mankhwala akale, zinthu zimene malaibulale ena a zaluso sankaziwerengera n'komwe. Kaikidwe ka mabuku kanalinso kakekake. Iye ankakhulupirira chimene ankachitcha lamulo la mnansi wabwino, kunena kuti buku limene likuthandize nthawi zambiri si limene wabwera ukulidziwa dzina, koma loyandikana nalo pashelefu. Choncho ankangosunthasuntha mabuku malinga ndi momwe maganizo ake akusinthira, zomwe zikanamupengetsa wosunga mabuku wamba. Mu 1920 katswiri wa filosofi Ernst Cassirer anaonetsedwa laibulaleyo ndi Fritz Saxl, wothandizira wa Warburg, ndipo anati ayenera kusankha chimodzi: kuithawa kapena kudzitsekeramo zaka zambiri. Sanaithawe. Iye, Erwin Panofsky ndi anzawo ena ankawerengamo, ankakamba nkhani pamisonkhano ya pomwepo, ndipo laibulale inkasindikiza zolemba zawo. Mabuku anakoka anthu, anthuwo n'kubala mabuku ena.

Phindu la anthuwo linaoneka pa nthawi yoopsa. Warburg anamwalira mu 1929, patangopita zaka zitatu nyumba yatsopano ya laibulale itatsegulidwa. Mu 1933 chipani cha Nazi chinatenga boma, ndipo laibulale ya banja lachiyuda inalibenso tsogolo ku Germany. Saxl ndi anzake a palaibulalepo, Gertrud Bing ndi Edgar Wind, anayamba kugogoda pa zitseko za anthu amene ankawadziwa ku England. Samuel Courtauld ndi Lord Lee, anthu okonda zaluso a kumeneko, anathandiza, banja la Warburg linalonjeza kupitiriza kupereka ndalama, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mabuku pafupifupi 60,000 anakwezedwa m'sitima ziwiri zapamadzi kupita ku London, pamodzi ndi mashelefu ake, ngati katundu wongobwereketsa kwa zaka zitatu. Sanabwererenso. Mu 1944 laibulaleyo inakhala mbali ya University of London. Ndalama za banki pazokha sizikanaitulutsa ku Hamburg pakanapanda anthu kutsidya lina amene ankaidziwa ndipo anali okonzeka kuilandira.

Mwina munganene kuti Warburg anali katswiri, ankadziwa chogula. Ndiye tamvani za Jacques Doucet, wosoka zovala zapamwamba wa ku Paris. Iyeyu sanali wofufuza. Anangoona kuti ophunzira mbiri ya zaluso ku France alibe malo amodzi opezeramo zonse, ndipo cha m'ma 1908 anayamba kudzaza mabuku m'zipinda za mumsewu wa rue Spontini. Analemba ntchito René-Jean kuti aziyang'anira, kenako n'kumafunsa akatswiri a nthambi zosiyanasiyana kuti aliyense amulembere zimene zikusowa pa mbali yake. Pamene ankaipereka ku yunivesite ya Paris mu 1917 inali ndi mabuku pafupifupi 100,000, kuwonjezera zithunzi ndi zolemba pamanja, ndipo lero ndiyo phata la laibulale ya INHA, bungwe la dziko la France lofufuza mbiri ya zaluso. Njira yakeyi ndimaikonda chifukwa siifuna kuti munthu adziwe zonse. Imafuna kuti adziwe woti amufunse, ndiponso kuti asachite manyazi kufunsa. Imachitanso chinthu china mwakachetechete: katswiri amene wakulemberani mndandanda amayamba kuiona laibulaleyo ngati yake, ndipo tsiku lina adzakumbukira inu akamaganiza kosiya mabuku ake.

Pali ulusi wina umene umalumikiza malaibulale angapo, ndipo ukusonyeza bwino momwe nzeru zimayendera pakati pa anthu. Ku London, Robert Witt, amene anali loya, ndi mkazi wake Mary ankasonkhanitsa zithunzi za zojambula, zina zogula, zina zodula m'makatalogi a okushoni ndi m'magazini, n'kumaziika m'mabokosi potsata dziko, dzina la wojambula ndi mutu wa chojambulacho. Nyumba yawo inali yotsegukira ofufuza. Mu 1920 kunafika mlendo wochokera ku New York, Helen Clay Frick, bambo ake atangomwalira chaka chapitacho. Ataona mabokosiwo anapempha chilolezo chotengera njira yomweyo, a Witt n'kuvomera. Atabwerera kwawo anayambitsa Frick Art Reference Library m'chipinda chapansi cha nyumba ya bambo ake, momwe munali bwalo la masewero ogubuduza mpira. Ankatumiza ojambula ndi kamera m'nyumba za anthu ndi m'matchalitchi kuti akajambule zinthu zimene zinali zisanasindikizidwepo. Ku Paris anali ndi womugulira mabuku ndi makatalogi, Clotilde Brière-Misme, amene ankagwira ntchito ku laibulale ya Doucet ija. Mwaona mmene zikulukanirana? Mabokosi a Witt nawo anapita ku Courtauld Institute, sukulu ya mbiri ya zaluso ku London, mwini wake atamwalira mu 1952, ndipo lero muli zithunzi zoposa mamiliyoni awiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Frick n'komwe akatswiri ankakonzera mapu osonyeza asilikali malo a zaluso oti asaphulitsidwe, ndipo zithunzi zina za kumeneko ndizo umboni wokha wotsala wa zinthu zimene zinapsa pa nkhondoyo.

Ndikhalepo pang'ono pa makatalogi a okushoni, chifukwa oyamba kumene amawanyoza. Amaoneka ngati timapepala ta malonda, ndipo alidi otero. Koma kope limene munthu anali nalo m'manja tsiku la malonda, n'kulemba m'mphepete mtengo ndi dzina la wogula, ndi chuma chimene palibe buku lingalowe m'malo mwake. Frits Lugt anazindikira zimenezi ali mnyamata, akugwira ntchito ku kampani ya okushoni ya Frederik Muller ku Amsterdam. Moyo wake wonse anakhala akuwasaka, akulemberana makalata ndi malaibulale kufunsa kuti ndani ali ndi kope liti, ndipo kodi ndi lolembedwa m'mphepete. Kaundula amene anayamba kutulutsa mu 1938 anathera pa mabuku anayi, ndipo akutchula makatalogi oposa 100,000 a malonda ochitika kuyambira 1600 mpaka 1925. Mpaka lero tikafuna kutchula malonda akale timangotchula nambala ya Lugt. Tsono wina akakupatsani mulu wa makatalogi okandakanda ndi pensulo, musafufute kanthu. Zokandazo ndiye nkhani yake.

Ubale uli ndi mbali yake yakuda, ndipo sindikubisirani. Bernard Berenson anasiyira yunivesite ya Harvard nyumba yake ya Villa I Tatti, pafupi ndi Florence, atamwalira mu 1959, muli mabuku pafupifupi 50,000 ndi zithunzi zochuluka zedi. Zithunzi zambiri ankatumiziridwa ndi ogulitsa zojambula ndi eni ake amene ankafuna kuti awauze kuti chojambula chawo ndi cha yani, ndipo iye ankalemba maganizo ake kuseri kwake. Ndi nkhokwe yodabwitsa. Koma ndalama zambiri zomangira zonsezo zinkachokera ku pangano lachinsinsi limene anachita mu 1912 ndi kampani yogulitsa zojambula ya Duveen, loti azilandira gawo la phindu pa zojambula za ku Italy zimene iye watsimikiza dzina la wozijambula. Munthu amene amapindula chojambula chikatchedwa cha katswiri wamkulu, mawu ake tiziwamva ndi khutu lotani? Akatswiri akutsutsanabe. Nayenso Helen Frick anali ndi zake: chidani chake pa Ajeremani chinachititsa kuti kwa zaka zambiri asamafune kuwaona m'laibulale yake, pa nthawi yomwe akatswiri ambiri othawa Nazi ankafika ku New York. Laibulale yomangidwa ndi munthu mmodzi imatengera nkhope yake yonse, ndi zipsera zomwe.

Tsono tibwere kwa inu.

Choyamba chimene ndingakupempheni ndi kuchepetsa munda. Pa tsamba limodzi lembani zimene laibulale yanu ikufuna kudziwika nazo, ndipo zikhale zochepa moti pakapita zaka khumi muzitha kunena kuti pa mbali imeneyi palibe wotiposa. Kaya ndi zosema za nthawi inayake, kaya ndi zithunzi za kamera, kaya ndi ntchito za gulu lina la ojambula, zili kwa inu ndi ofufuza amene muli nawo. Tsambalo lili ndi ntchito ziwiri. Limakuuzani kokaika ndalama zochepazo, komanso limakupatsani chonena anthu akafunsa kuti mumasonkhanitsa chiyani. Mukayankha kuti zaluso zonse, palibe amene adzakukumbukireni. Mukatchula chinthu chimodzi, wina akadzachiona m'kabati ya amalume ake adzakuimbirani foni. Mabuku oyambira amene laibulale iliyonse imafunika, madikishonale a ojambula ndi mabuku a mbiri, gulani ochepa abwino basi, musathere ndalama pamenepo.

Kenako pezani choti muzipereka. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa ntchito yathuyi mawuwa ndi oona kwenikweni. Kwa zaka zambiri nyumba zoonetsera zaluso zakhala zikusinthana zosindikiza popanda ndalama: ife tikutumizirani kabuku ka chionetsero chathu, inu mutitumizire kanu. Ngati sukulu yanu imatulutsa kanthu kalikonse, ngakhale kabuku ka masamba 16, sungani makope osinthanitsa ndipo muzitumiza ndi kalata yolembera munthu dzina lake, osati ofesi. Kabuku kanu kangaoneke kosauka pamaso panu, koma kwa wosunga mabuku wa kutali ndi chinthu chimene sangachipeze kwina. Mabuku amene muli nawo awiriawiri musataye, ndiwo ndalama zanu zina. Kale katswiri akasindikiza nkhani m'magazini ya ofufuza ankapatsidwa makope apadera a nkhani yake yokhayo oti agawire anzake, ndipo ku Warburg timapepala timeneti amatiika pashelefu pakati pa mabuku, pa mutu wake. Lero zimabwera ngati PDF, koma mwambo wake ndi womwewo. Wofufuza aliyense amene wagwiritsa ntchito laibulale yanu mum'pemphe kuti ntchito yake ikatuluka akutumizireni kope. Ambiri amasangalala kupemphedwa.

Ogulitsa mabuku akale muwatenge ngati anzanu a ntchito. Apatseni mndandanda wa zimene mukusaka, ndipo akakupezerani muzilipira msanga. Wogulitsa amene amadziwa kuti simuzengereza amakuuzani za buku asanalilengeze kwa ena, ndipo buku losowa limagulidwa pa nthawi imeneyo. Apa ndi pamene malamulo ogulira zinthu a m'masukulu akuluakulu amatipweteka: pofika pamene mapepala onse asainidwa, buku lapita kalekale. Kambiranani ndi a zachuma kuti pakhale kandalama kochepa koti muzigwiritsa ntchito mwachangu, malisiti n'kubwera pambuyo. Pa mabuku atsopano pali makampani ngati Casalini Libri ku Italy ndi Harrassowitz ku Germany amene amasankhira malaibulale potsata zimene mwawauza, koma zimenezo zidikire mpaka thumba litakula.

Njira imene imakulitsa laibulale mofulumira kuposa zonse ndi kulandira laibulale yathunthu ya katswiri. Ngakhale olemera amachita zomwezo. M'zaka za m'ma 1980 a bungwe la zaluso la Getty ku California, pofuna kufika msanga pamene ena anafika m'zaka zana, anagula malaibulale athunthu a akatswiri ngati Ulrich Middeldorf ndi Nikolaus Pevsner. Chimene umapeza pamenepo si mabuku okha, koma zaka makumi anayi za kusankha kwa munthu wodziwa. Inu simungagule, koma mungapatsidwe, ndipo apa m'pofunika mtima wodekha. Ine ndinaphunzira mowawa. Panali mkulu wina wosema amene ankandiitana kawirikawiri kuti ndikaone mapepala ake, ine n'kumangoti ndibwera ntchito ikachepa. Atamwalira ndinadikira kuti maliro apole, poopa kuoneka ngati fisi. Pamene ndinkafika, ana ake anandilandira bwino n'kundionetsa mabuku akuluakulu a zikuto zonyezimira amene anandisungira. Makalata, makadi a zionetsero ndi timabuku tolembamo maoda anali atatentha poyeretsa m'nyumba. Sanalakwe, palibe amene anawauzapo kuti zamtengo ndi zimenezo. Wolakwa ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndimapita munthu ali moyo, ndimakhala pansi n'kumvetsera, ndipo ndimauza a pabanja pake iye ali pomwepo kuti envulopu zakuda ndi fumbizo ndizo zofunika. Maulendo otere amatenga zaka, ndipo ena sabala kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma si mphatso iliyonse yoti mulandire. Nthawi ina ndinavomera makatoni ambirimbiri kuchokera ku banja lina popanda kutsegula, chifukwa cha ulemu, ndipo ndinalonjeza kuti mabukuwo adzakhala pamodzi m'chipinda cha dzina la malemuyo. Ambiri tinali nawo kale, ena anali ndi nkhungu imene inayamba kufalikira kwa anzake, ndipo chipindacho chinatsekereza malo kwa zaka. Walira mvula walira matope. Buku laulere limadya nthawi ya wolilemba m'kaundula, limadya malo, nthawi zina limabwera ndi tizilombo. Muziona kaye, muzisankha, ndipo phunzirani kukana mosakhumudwitsa. Njira yabwino ndi kumuuza woperekayo malo ena amene mabuku akewo angakathandize. Dzina la wopereka lingakumbukiridwe ndi kapepala komata m'kati mwa chikuto, popanda kumanga mabuku onse pamalo amodzi.

Zonse mukagwirizana, zilembedwe. Ndikudziwa kuti kutulutsa pepala pamaso pa munthu amene akukupatsani chinthu ndi mtima wonse kumaoneka ngati kumukayikira, koma inu ndi iye simudzakhalapo mpaka kale, ndipo otsalawo adzangoona zolembedwa. Pepalalo linene kuti zinthuzo tsopano ndi za yani, ngati mungasinthanitse zimene muli nazo kale, ndani ali ndi ufulu wosindikiza zithunzi, ndiponso ngati pali makalata oti asawerengedwe mpaka patapita zaka zakuti. Mbali inanso pakhale pangano pakati pa laibulale ndi sukulu yanu. Pangano limene linasainidwa mu 1944 popereka laibulale ya Warburg ndilo linaiteteza mu 2014, pamene nkhani ya udindo wa yunivesite inafika kukhoti ku London, woweruza n'kugamula kuti yunivesite iyenera kuisunga ngati chinthu choima pachokha ndi kuilipirira. Ubwenzi unaipulumutsa mu 1933, koma patapita zaka 81 abwenziwo onse anali kumanda.

M'kaundula muzilembanso kumene chinthu chilichonse chachokera, ndani wapereka, liti. Masitampa, masiginecha ndi mawu olembedwa patsamba loyamba zisiyeni momwemo. Malaibulale a ku Germany ndi Austria mpaka lero akufufuza m'mashelefu awo mabuku amene analandidwa kwa Ayuda pakati pa 1933 ndi 1945 kuti awabweze, ndipo nthawi zambiri chowatsogolera ndi kasitampa kamodzi. Buku losowa likabwera motchipa modabwitsa, kapena pali pamene pafufutidwa sitampa, funsani. Kaundula wabwino amakhalitsa kuposa mwini wake. Leopoldo Cicognara, amene ankakhala ku Venice, anasindikiza kaundula wa mabuku ake a zaluso mu 1821, ndipo mu 1824, atapanikizika ndi ndalama, anagulitsa mabukuwo, pafupifupi 5,000, kwa Papa Leo XII. Ali ku Vatican mpaka lero, ndipo ogulitsa mabuku akale akufotokozabe buku potchula nambala yake mwa Cicognara.

Chenjezo limene ndimaliona kuti ndi lofunika kwambiri ndi ili: anthu amene mumadziwana nawo amafanana nanu. Anaphunzira kumene munaphunzira, amakonda zimene mumakonda, ndipo mukadalira iwo okha, laibulale idzakhala ndi mabowo amene inu simudzawaona. Malaibulale akuluakulu ndatchulawa anadzaza ndi Italy, Netherlands ndi France, ndi amuna okhaokha pafupifupi, pamene zaluso za ku Africa ndi madera ena kwa nthawi yaitali zinkaikidwa kumashelefu a maphunziro a mitundu ya anthu, ngati kuti si luso. Panafunika anthu ena okhala ndi anzawo ena kuti zisinthe. Warren Robbins anayambitsa nyumba yoonetsera zaluso za ku Africa ku Washington mu 1964, imene inalowa mu Smithsonian, bungwe lalikulu la nyumba zoonetsera zinthu ku America, mu 1979, ndipo laibulale yake inakula kwambiri chifukwa cha kulemberana makalata ndi ojambula ndi nyumba zoonetsera za mu Africa momwe. Bisi Silva anatsegula Centre for Contemporary Art ku Lagos mu 2007, laibulale ili pamtima pake penipeni. Chaka chilichonse muitane munthu wosiyana nanu, wamng'ono kwa inu kapena wa maganizo otsutsana ndi anu, ayende m'mashelefu n'kukuuzani amene palibe. Zimawawa kumva, koma n'zotsika mtengo kuposa kudzasaka zinthuzo patapita zaka makumi awiri.

Za intaneti ndinene mwachidule. Mabuku akale ambiri anajambulidwa kale ndipo akuwerengedwa kwaulere, mwachitsanzo kudzera pa Getty Research Portal kapena ku laibulale ya yunivesite ya Heidelberg, imene inaika makatalogi ambiri a okushoni a ku Germany. Musagule modula chimene ophunzira anu angachione pakompyuta. Chimene chikutayika masiku ano ndi cha lero lomwe: kadi yoitanira anthu imene inangoyenda pa WhatsApp, mndandanda wa zoonetsedwa umene unali pa Instagram sabata imodzi. Zisungeni, zina muzisindikize papepala, ndipo wojambula aliyense wa m'munda wanu uja akhale ndi fayilo yake.

Mwafunsa poyambira. Ku Hong Kong kunali wosema ndi wojambula wina, Ha Bik Chuen, amene kuyambira zaka za m'ma 1960 ankapita ku zionetsero ndi kamera yake, n'kumatola makadi ndi timabuku, n'kumaziunjika m'chipinda chake chogwirira ntchito. Palibe amene anamutuma. Atamwalira mu 2009, banja lake linaitana a Asia Art Archive, bungwe limene linayamba mu 2000, kuti adzasanthule mabokosiwo, ndipo munapezeka mbiri ya zaka pafupifupi makumi asanu ya zaluso za mzindawo. Pa nthambi iliyonse ya zaluso pamakhala munthu wotere, amene sasowa pa chionetsero ndipo satha kutaya pepala. Anzanu akumudziwa, mwina amamuseka. Sabata ino lembani tsamba lija, kenako mayina makumi awiri a anthu amene ali ndi makabati odzaza, ndipo wa mtundu wa Ha Bik Chuen akhale pamwamba. Mukamapita kukamuona mutenge kabuku kolembamo ndi nthawi yokwanira. Katoni muisiye, ulendo woyamba si wonyamula kanthu.